Ndinabzala Kapinga Pachikamwini

Mukadzapita ku Nkhulambe nthawi yopalira n'kumva mayi wina akutukwana udzu m'munda mwake, musadzavutike kufunsa kuti walakwa ndani. Akutukwana ine. Dzina langa analiiwala kalekale (ndipo sindikukumbutsani), koma chimene ndinawasiyira amachidziwa ngakhale ana obadwa dzulo. Nkhaniyi ndaibisa zaka zambiri.

Ndisanakwatire ndinagwira ntchito zaka zinayi kuseri kwa phiri, pa esiteti ya tiyi. Sindinkathyola tiyi ayi, musandichepetse. Ndinali wa m'maluwa kunyumba kwa Bwana, ndipo ntchito yanga yeniyeni inali kapinga: kumuthirira m'mawa, kumutchetcha ndi chikwakwa, kuzula kaudzu kalikonse kachilendo komera pakati pake. Dzuwa likapendeka Dona, mkazi wa Bwana, ankatulutsa mpando n'kukhala pamenepo, kapu ya tiyi ili m'manja, n'kumangoyang'ana udzuwo. Sankaudya, sankaugulitsa, ndipo ng'ombe ikangoyerekeza kuununkhiza, mbusa wake ntchito inkamuthera pomwepo.

Tsiku lina ndinafunsa kalaliki wa pa esitetipo kuti phindu la udzu umenewu n'chiyani. Anandiseka mpaka kutsokomola, nati n'chifukwa chake ife Alomwe sitidzatukuka, timaganiza ndi mimba. Anandiuza kuti Angelezi ali ndi liwu limodzi lotchulira munda wosamalidwa bwino ndiponso munthu waulemu wake, wodziwa kugwira kapu, poti kwa iwo munthu naye amachita kulimidwa. Liwulo ndinaliiwala, linali lalitali. Koma ndinatolapo phunziro langalanga, loti munthu wamba amalima zakudya pamene munthu wotsogola amalima zosadya. Masiku amenewo anthu ankatinyoza kuti ndife Anguru odya makaka, chinangwa chouma chija, ndipo chitonzo chimenechi chinkandiwawa kwambiri. Ndinalumbira kuti khomo langa, ndikadzakhala nalo, palibe adzalilozere chala.

Kenaka ndinakumana ndi Rozina ku gule wa tchopa. Za kukongola kwake sindinena zambiri, poti mtima ungayambenso kupweteka. Ndingoti anali ndi kampata pakati pa mano ndipo akaseka ankagwira paphewa la amene ali naye pafupi. Ankhoswe anayendera, zonse zinalongosoka, ine n'kusiya ntchito kupita kukakhala kwawo monga mwa mwambo. Ndinamanga nyumba pafupi ndi ya apongozi anga, mayi wamasiye wouma thupi koma wolimba pa khasu. Anatipatsa munda wa chimanga kumtunda, ndi kachigawo ka chinangwa kuseri kwa nyumba komwe anali atabzala okha, ati poyambira ana.

Achinyamata a lero mwina simudziwa: mkamwini ndi apongozi ake aakazi sankayang'anizana kumaso, sankalankhulana. Mukakumana panjira, mmodzi ankapatukira kutchire, kaya kuli minga kaya kuli chitedze. Umenewo ndiwo unali ulemu. Tsono apongozi anga anali ndi mbuzi yaikazi imene anaitcha Ndilibemawu, ndipo akakhala ndi mawu oti andiuze ankauza mbuziyo, mokweza, ine ndili pakhonde. "Ndilibemawu, denga la nkhokwe lija likudontha." Basi ine n'kudzuka kukamweta udzu. Mbuzi imeneyo inamva malangizo ambiri kuposa mwana wa ku chinamwali.

Mvula yoyamba itagwa ndinauza Rozina kuti ndikukatenga katundu amene ndinasiya ku esiteti. Ndinayenda masiku awiri kuzungulira phiri, n'kubwerako ndi chithumba pamutu. Mudzi wonse unasonkhana. Ena ankati ndi mchere, ena ankati ndi tiyi, alamu anga n'kumanyambita milomo. Ndinamasula n'kukhuthula. Munali mizu ya kapinga yokhayokha, ndi dothi lake lomwe.

Amalume ake a Rozina, a Muhiwa, amene anali mwini mbumba, anatola muzu umodzi n'kuuzunguza m'manja. Anafunsa ngati uli mankhwala. Ndinati ayi. Anafunsa ngati umabereka kanthu pansi. Ndinati ayi, ndi wokongoletsa pakhomo. Anaubweza pamulu paja mosamala ngati chinthu cha mwini wake, n'kunena kuti iwo kuyambira ali mwana udzu umenewu amaudziwa ngati mdani wa khasu, koma poti ine ndakhala ndi Azungu, mwina uwu ndi wophunzira.

M'mawa mwake ndinatenga khasu n'kuyamba kugaula bwalo. Muyenera kumvetsa kuti bwalo limenelo linali lotani. Apongozi anali atalisesa zaka makumi angapo mpaka linauma gwaa, losalala ngati pansi pa mbale. Pamenepo ndi pomwe ankayanika makaka, pomwe ankapunthira nandolo, ndipo njoka ikadutsa inkasiya mzere woti aliyense auone. Ine ndinaligaula theka lonse la mbali yathu, n'kutsira manyowa, n'kubzala mizu yanga m'mizere yowongoka ndi chingwe.

"Ndilibemawu," anatero apongozi ali kuseri kwa nkhokwe, "iwe ndiye uli ndi mwayi. Anzako amayenda mtunda kufuna msipu, iwe wapeza wokulimira pakhomo."

Ndinamva bwinobwino, koma ndinati mumtima, nkhalamba za kumudzi zimatero poyamba. Ndipo kapinga uja anamera, abale. Pofika Febuluwale anali atagwirana, wobiriwira, wofewa. Ndinatola miyala kumtsinje, n'kuipaka dothi loyera, n'kuindandalika m'mbali mwa kanjira kopita pakhomo. Ndinakhoma mpando wa nsungwi. Lamulungu tikachoka ku tchalitchi ndinkakhazika Rozina pampandopo ndi kapu ya tiyi (tiyi wake wa masamba a mandimu, koma kapu inali yeniyeni), anthu odutsa n'kumaima kuti aone. Rozina ankaseka n'kundigwira paphewa. Ankati amuna anga ndi amisala, koma misala yake ndi yaukhondo. Miyezi imeneyo ndi imene ndinakondwa kwambiri pa moyo wanga wonse, ndipo sindinadziwe kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Mavuto anayamba pang'onopang'ono. Choyamba ndinalamula kuti pakapinga pasapondedwe, aliyense azidzera m'kanjira. Ana a alamu anga ndinkawathamangitsa ndi kamtengo. Chachiwiri ndinati Ndilibemawu azimangidwa, poti anali atamvetsa kuti mundawo ndi wake monga anauzidwira. Tangoganizani, mkamwini wa miyezi isanu ndi umodzi kumanga mbuzi ya apongozi pamudzi pa eni ake. A Muhiwa anandiitanira pambali n'kundikumbutsa kuti mkamwini asamakule mwendo. Ndinawathokoza mwaulemu, koma chingwe sindinamasule.

Chilimwe chitafika ndinazindikira chinthu chimene ndinayenera kuchidziwa kale. Ku esiteti kuja mvula siisowa, ngakhale mu Juni kumachita mawawa. Mbali yathu ino ya phiri, dzuwa likati liwale limawala ngati lili ndi mlandu nawe. Kapinga anayamba kufiira. Ndiye madzi. Ine mwamuna sindikanasenza mtsuko pamutu anthu akuona, choncho ntchito inagwera Rozina. Pamwamba pa madzi akumwa, ophikira ndi osamba, anayamba kupitanso kumtsinje maulendo anayi kutungira udzu. Akazi anzake kudambo ankamufunsa ngati udzuwo wayamba kuyankhula, poti ukuleredwa ngati mwana. Sanandiuze, ndinazimva kwa ena. Kundigwira paphewa kuja kunayamba kuchepa.

Nthawi yoyanika makaka inafika, malo n'kuchepa. Rozina anayala chinangwa chake chosenda pakapinga ine nditachokapo, ndipo poti pansi panali ponyowa ndi madzi ake omwe, chonse chinachita nkhungu yakuda, dengu lathunthu n'kutayidwa. Sabata yomweyo mphiri inapezeka itadzipinda pafupi ndi mwendo wa mpando wanga, popanda mzere uliwonse wochenjeza. Apongozi anauza Ndilibemawu kuti pamudzi pano pabwera alendo a mitundu iwiri, wina wa miyendo wina wopanda miyendo, ndipo sakudziwa kuti woopsa ndi uti.

Munthu wanzeru akanalekera pomwepo. Ine ndinaona kuti vuto ndi loti ntchito sinathe. Kwa Bwana kuja kapinga ankazungulira nyumba yonse, ndipo kuseri kunali maluwa. Kwanga kuseri kunali chinangwa, chija cha apongozi, chitatalika kufika m'khosi. Mlendo akakhala pampando wanga n'kusuzumira pambali, ankaona chakudya cha Anguru chili ngwee. Chinkandichititsa manyazi. Ndinawerengera kuti chimanga cha kumtunda chitikwanira, ndipo mu Okutobala, Rozina atapita ku maliro kumudzi wina, ndinachizula chonse. Mitengo yake ndinaiunjika n'kuitentha kuti wina asaibzalenso (onani kuchenjera kwa chitsiru). M'malo mwake ndinabzala kapinga wina ndi maluwa ofiira amene ndinapempha kwa mnzanga wa ku esiteti.

Rozina atabwera anaima kuseri kuja nthawi yaitali, chitenje cha ku maliro chili m'mutu. Sanakalipe. Anangofunsa kuti, "Nanga ikadzakana mvula?" Ndinamuyankha kuti mvula siinakanepo chibadwire changa. Tsiku limenelo apongozi sanauze mbuzi chilichonse, ndipo ine mopusa ndinayesa kuti agonja.

Chimenecho chinali chaka cholowera mu 1949. Amene munaliko mukudziwa, amene simunaliko thokozani Mulungu. Mvula inayamba bwino, tinabzala, chimanga chinamera mosiririka. Itangodutsa Khirisimasi kumwamba kunayera mbee. Tinkadzuka kuyang'ana kuphiri, mitambo n'kusonkhana pamwamba pake, masana n'kubalalika. Chimanga chinapota masamba chili m'mawondo, kenaka chinauma chili chiimire. Kumunda kwathu tinakolola zitsononkho zosadzaza ndi dengu limodzi lomwe.

Anthu onse anavutika, koma mosiyana. Amene anali ndi chinangwa anali ndi nkhokwe yapansi, ankakumba pang'onopang'ono, masamba ake n'kuchita ndiwo. Chakudya chija ndinkachita nacho manyazi ndicho chinasanduka mfumu. Ine ndinali ndi maluwa ofiira. Tinayamba kudya kwa apongozi: Rozina ankapita ndi mbale yopanda kanthu, n'kubwera nayo yovindikira, ine n'kudyera m'nyumba chitseko chili chotseka. Palibe chowawa ngati mwamuna wa manja awiri kudyetsedwa ndi mayi wamasiye amene unam'mangira mbuzi.

Apa ndiye pamene pali chimene sindinauzepo munthu. Kumtsinje madzi anaphwa, anthu n'kumakumba mumchenga, ndipo zothirira udzu zinatha zokha. Kapinga wanga anauma kuti gwaa. Ine sindinkadziwa kuti udzu umenewu sufa, umangogona. Ndinkaona ngati ntchito yanga yonse ikupita, ndipo mtima unkandipweteka, inde, pakati pa njala mtima wanga unkapwetekera udzu. Malo amodzi okha onyowa amene anatsala anali dimba la apongozi kudambo. Mmenemo anali atabzala mbatata, ndipo mbumba yonse inkayembekezera mbatata imeneyo kuti idzatiolotse mpaka mvula ina. Tsiku lina masana, anthu atabisala dzuwa, ndinakumba timizu todzaza dzanja limodzi n'kukatikwirira pangodya ya dimbalo. Ndinati ndikungosunga mbewu. Dzanja limodzi lokha, abale anga.

Kapinga akapeza chinyezi ndi manyowa sayenda, amathamanga. Anayanda pansi pa kholowa mosaoneka, masamba a mbatata atam'phimba pamwamba. Pamene apongozi ankadabwa kuti kholowa wayamba chikasu chifukwa chiyani, n'kutukula tsinde limodzi, anapeza pansi ponse patalukana ngati mkeka. Anayesa kulima, koma kapinga ukamudula ndi khasu, chidutswa chilichonse chimasanduka mbewu. Mbatata zimene anakumba mbali imeneyo zinali ngati zala za mwana, zina zitabooledwa ndi mizu. Panalibe chifukwa chofunsira kwa wamaula. Pa dera lonselo munthu wobzala udzu anali mmodzi.

Madzulo ake ndinakhala pakhonde kudikira kuti ndimve zimene Ndilibemawu auzidwe. Ndinali wokonzeka kulandira chilichonse. Koma kunali chete, ndipo chete ameneyo anandiopsa kuposa mawu onse a m'mbuyomo. Rozina anandipatsa madzi osamba, anandiyalira mphasa, koma maso ake sanakumane ndi anga.

Ndinaganiza zodziwombola. Amuna ambiri ankapita kukasuma kwa Apwitikizi, kutsidya kwa malire, komwe chinangwa chinalipobe. Ndinanyamuka nawo. Masabata atatu ndinalima minda ya eni, kugona m'zisakasa, manja amene anazolowera maluwa n'kuchita matuza mpaka kuphulika. Anandilipira thumba la makaka. Pobwerera ndinalisenza pamutu, inde pamutu, ine amene ndinkakana mtsuko, ndipo njira yonse ndinkayeseza mawu opepesa oti ndikauze mbuzi kuti ikandifikitsire kwa mwini wake.

Nditafika ndinapeza zodabwitsa. Apongozi anga anali atakhala pampando wanga wa nsungwi, pakati pa kapinga wouma uja. A Muhiwa anali pansi pambali pawo. Ndinaima patali n'kutsokomola kuti apongozi apeze mpata wothawira kuseri monga mwa nthawi zonse. Sanasunthe. Ndinatsokomolanso. Anadzutsa mutu n'kundiyang'ana m'maso, koyamba chikwatirire changa. Ndinaona kuti diso lawo lamanzere linali ndi kang'ala, chinthu chimene sindinkachidziwa zaka ziwiri zonsezo.

"Mwabwerako, bambo? Tulani katunduyo, mukhale pansi."

Ndikuuzeni zoona, poti ndayamba kale kudzivula: mtima wanga unadumpha ndi chimwemwe. Ndinati taonani, chitukuko chafika! Kwa Bwana kuja apongozi ake atabwera kuchokera kwawo ankakhala naye pa tebulo limodzi n'kumaseka. Ndinaganiza kuti mayiyu waona thumba, waona mpando kukoma, wasankha kukhala wotsogola ngati ine. Ndinatula thumba n'kumwetulira, ndipo ndinafunsa, mwa nthabwala, kuti kodi Ndilibemawu ali kuti lero poti uthenga ukubwera wokha.

"Mbuzi tinasinthitsa ndi gaga," anatero. "Koma ngakhale ikanakhalapo, lero sindikanaivutitsa. Timathawa mkamwini, bambo. Nanga inu ndikuthaweni chifukwa chiyani?"

Apo m'pamene ndinaona kamtolo kamene kanali kumbuyo kwa a Muhiwa. Bulangete langa, malaya anga a ku tchalitchi, kapu ija, ndi chikwakwa atachimangirira pamwamba. Kumwetulira kunandiumira pankhope, ndipo sindinadziwe kuti ndikuchotse bwanji.

A Muhiwa analankhula mwachidule, mosakweza mawu. Anati mbumba yakhala pansi, ankhoswe a kwathu auzidwa kale. Anati munthu waulesi amapiririka, woledzera amalangizika, koma munthu wakhama pa zinthu zopanda pake ndi woopsa, chifukwa satopa. Ndinagwada. Ndinaloza thumba, ndinaonetsa matuza, ndinalonjeza kuti ndizula muzu uliwonse ndi zala zanga. Apongozi anapukusa mutu nati udzu umenewo adzazula ndi zidzukulu zawo, ndipo sudzatha.

Ndinapempha kuti ndimve kwa Rozina mwini wake. Anatuluka m'nyumba n'kuima pakhomo, ataonda mpaka mafupa a m'khosi kuonekera. Ndinkayembekeza kuti alira kapena akalipa, chilichonse choti ndigwirepo.

"Madzi ndinatunga, sindinadandaule," anatero. "Chinangwa munazula, ndinakukhululukirani, ndinati sanadziwe. Koma kudimba kuja munapita mukudziwa, mbale ya amayi ili m'mimba mwanu. Munaona ine ndikuonda, munaona udzu ukuuma, ndiye munathamangira udzu."

Thumba la makaka ndinalisiya pomwepo. Apongozi anatapamo manja awiri n'kundimangira pakansalu kuti ndidye panjira, n'kundiperekeza okha mpaka pamphambano, akucheza nane za mvula ngati mlendo wina aliyense. Ulemu umenewo unandipweteka kuposa kutukwanidwa. Ndinayenda osatembenuka, ndipo pamene ndinatembenuka mudzi unali utabisika kale.

Rozina anadzakwatiwa ndi munthu wina wosadziwa ngakhale kugwira kapu, mlimi wa chinangwa ndi nandolo, ndipo anabereka naye ana asanu ndi awiri. Ine ndinabwerera ku esiteti, ndinatchetcha udzu wa Azungu mpaka msana unapindika. Ndinakwatirako kwina, koma ukwati wake sunakhalitse, ndipo sindinamvenso dzanja la munthu paphewa langa monga lija. Akuluakulu amati samva za anzake anamva nkhwangwa ili m'mutu. Ine ndinali ndi mwayi woposa ambiri, poti ndinachenjezedwa ndi mayi, ndi malume, ndi njoka, ngakhale kudzera mwa mbuzi, koma nkhwangwa inandipezabe.

Patapita zaka zambiri ndinadutsako ku Nkhulambe, imvi zili mbuu, popanda wondizindikira. Pamene panali nyumba yanga panali munda wa chinangwa, ndipo m'mizere monse, mpaka kudambo, mpaka minda ya midzi yoyandikana, munali kapinga. Ndinapeza mtsikana wina akulimbana naye ndi khasu, thukuta lili kamukamu. Anali ndi kampata pakati pa mano. Ndinamufunsa dzina la udzuwo, nati kuno amautcha udzu wa akamwini, ati unabwera ndi wamisala wina amene anakwatirapo agogo ake kalekale. Anawonjeza mawu ena okhudza wamisalayo amene sindingawalembe pano.

Ndinavomereza kuti munthuyo analidi woipa. Kenaka ndinawerama ngati ndikumanga chingwe cha nsapato, n'kusisita udzuwo ndi chikhatho. Mundikhululukire, abale, koma unali wofewa, wogwirana bwino, wobiriwira kuposa wa kwa Bwana. Unkangofunika kutchetcha pang'ono.